Kugwetsana mikono: tiyambire pati kuti tisathyoke?

Nkhwazi_22:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tilipo anyamata angapo onyamula zitsulo, ndipo tikufuna kuyamba kugwetsana mikono mwadongosolo, osati zongochita pabenchi kapena pamwamba pa diramu. N'chifukwa chiyani munthu wowonda amatha kugwetsa chimunthu cha mikono ikuluikulu? Nanga aja timawaona pa YouTube akuthyoka mkono, chimawathyola n'chiyani kwenikweni? Komanso tingalimbitse bwanji mikono popanda zipangizo zodula?

Mayi_Fizio:

Achimwene, ndiyamba ndi nkhani yothyokayo, chifukwa zinazo zikhoza kudikira koma iyi ayi. Fupa limene limathyoka kawirikawiri ndi la pakati pa phewa ndi chigongono, lija madokotala amati humerus, ndipo limathyokera chakumunsi, pamwamba pang'ono pa chigongono. Sikuti limakhala lofooka. Ambiri othyoka ndi anyamata athanzi, a mafupa abwinobwino. Chimene chimalithyola ndi kupotokola. Chigongono chakhazikika patebulo, minofu ya pachifuwa ndi ya kumsana ikutembenuzira kumtunda kwa fupa mkati, pamene mnzanu akukankhira dzanja lanu kunja. Kumtunda kukupita uku, kumunsi kukupita uko. Fupa limapirira katundu wolemera akalitsindira molunjika, koma likapotokoledwa limang'aluka mozungulira, ngati nzimbe imene mwaigwira mbali zonse ziwiri n'kuipinda moizunguza.

Kaimidwe kobweretsa ngoziyi n'kodziwika bwino, ndipo oyamba kumene pafupifupi onse amakachita osadziwa. Tinene kuti mukulimbana ndi mkono wamanja, ndiye mukufuna kugwetsera kumanzere. Mwaona dzanja silikusuntha, basi mwatembenuzira chifuwa ndi nkhope kumanzere kuti muwonjezere mphamvu. Phewa latsogola, dzanja latsalira m'mbuyo, kunja kwa thupi. Pamenepo kulemera kwa thupi lanu lonse pamodzi ndi mphamvu za mnzanu zikukumana pafupa limodzi. N'chifukwa chake munthu amatha kuthyoka ngakhale akuoneka kuti akupambana.

Choncho maso akhale padzanja lanu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Dzanja likhale kutsogolo kwa chifuwa, pakati pa mapewa awiri, ndipo mkono uziyenda limodzi ndi thupi. Mnzanu akayamba kukutengani, thupi litsatire kumene dzanja likupita. Musathawire mbali inayo n'kusiya mkono wokha, ndipo musadzidzimutse thupi kuti mubweze zinthu mwachangu. Mukaona kuti mkono watseguka ndipo simungaubwezenso, ulekeni ugwe.

Kuseri kwa fupali kumadutsa mtsempha wotchedwa radial nerve, umene umadzutsa dzanja ndi kuwongola zala. Fupa likathyoka, mtsemphawu umatha kukokeka kapena kupanikizika, dzanja n'kumangolendewera, ndipo kumbuyo kwa dzanja chakuchala chachikulu kumachita dzanzi. Mwa ambiri umadzachira wokha pakapita miyezi ingapo, koma ena amafunika opaleshoni.

Ana a sukulu vuto lawo ndi lina. Kafupa kotumphuka ka mkati mwa chigongono kamamaliza kulumikizana ndi fupa lalikulu mochedwa, mwa ambiri ali ndi zaka pakati pa 15 ndi 18. Minofu yopinda dzanja imamangirira pomwepo, ndiye ikakoka mwamphamvu imatha kukazula kafupako. Mwana wa msinkhu umenewu asalimbane ndi munthu wamkulu ndi mphamvu zake zonse.

Kochi_Zitsulo:

Mayi anena zoona, ndipo yankho la funso lanu loyamba lili pafupi ndi zomwezo. Woyamba kumene amaganiza kuti masewerawa ndi okankhira m'mbali. Wodziwa amakokera kwa iye mwini, ndipo nkhondo yeniyeni imachitikira padzanja, pamfundo paja timavala wotchi. Mfundo imeneyi ikapindikira kumbuyo, mphamvu za pachifuwa ndi pamapewa zilibenso podutsira kuti zifike kwa mnzanu. Wowonda uja amakulandani dzanja kaye, kenako amatsegula mkono wanu kuti utalikirane ndi thupi, ndipo mukatero ngakhale mutakhala wonyamula makilogalamu 120 palibe chimene mungachite.

Muyambe ndi kaimidwe. Ngati ndi mkono wamanja, mwendo wamanja utsogole, chiuno chigunde tebulo, dzanja lamanzere ligwire kachitsulo kogwirira kamene kamakhala m'mbali mwa tebulo. Chigongono chikhale pafupi ndi nthiti, ndipo ngodya ya pachigongono isapitirire madigiri 90. Ngodya imeneyi muitseke ndi kuisunga. Chimene chimagwetsa mnzanu ndi kutsika kwa thupi, mkono umangonyamula mphamvuyo.

Njira zikuluzikulu zilipo zitatu. Hook ndi yolowera mkati: woyimbira akangoti yambani, mumapinda dzanja kuti chikhatho chiyang'ane nkhope yanu, mfundo ya dzanja lanu ndi ya mnzanu n'kukolana, kenako mumakokera mkono wa mnzanu kwa inu musanatsikire m'mbali. Imakomera a mikono yaifupi yonenepa, ndipo imalemetsa kwambiri mkati mwa chigongono.

Toproll ndi yotulukira kunja, ndipo ndi imene ndikanakonda muiphunzire mofatsa chifukwa imakakamiza munthu kukoka m'malo mokankha. Pogwirana, dzanja lanu likhale pamwamba, mfundo ya mkombaphala ikuloza kudenga. Poyamba penipeni tsamirani kumbuyo, chigongono chitsetserekere chakumbuyo kwa kamtsamiro koikapo chigongono koma osachokapo, uku mukutembenuza dzanja kuti chikhatho chiyambe kuyang'ana kwa mnzanu ndi pansi. Mphamvu yanu ikupita pazala zake, osati pamkono wake. Zala zake zikayamba kutseguka, kwezani zanu pang'ono kuti mugwire chakumapeto kwa zala zakezo, ndipo mukamva kuti mfundo yake yagonja, ndi pamene mumatsikira m'mbali ndi thupi lonse. Ambiri amalakwitsa pothamangira m'mbali asanalande dzanja. Akatero amapezeka alowa mu hook ya mnzawo mkono uli wotseguka. Ena amatsamira kumbuyo koma n'kulola ngodya ya pachigongono kutseguka, ndiye thupi lapita koma dzanja latsala pomwe linali.

Press ndi yoika phewa kumbuyo kwa dzanja n'kutsindira pansi ndi kulemera kwa thupi. Imamaliza masewera msanga, koma katundu yense amagwera pachigongono, ndipo mukaiphonya pang'ono mumagwera m'kaimidwe kamene Mayi achenjeza. Oyamba kumene aisiye kaye.

Mukamaonera akatswiri ngati John Brzenk wa ku America, Devon Larratt wa ku Canada kapena Levan Saginashvili wa ku Georgia, musamangoyang'ana kukula kwa mikono. Chedwetsani vidiyoyo, muone zimene manja akuchita m'sekondi yoyamba, komanso kumene maso awo ali.

Nkhwazi_22:

Zikomo kwambiri Mayi, zikomo akochi. Ndiye kuti zitsulo zimene timanyamula masiku onsezi sizithandiza? Ndipo ena mwa anzanga akudandaula kuti akalimbana, mkati mwa chigongono mumawawa ngati dzino masiku angapo. Apitirize kapena aleke?

Kochi_Zitsulo:

Zimathandiza, makamaka zokoka, monga kudzikweza pachitsulo ndi kukokera katundu kumimba. Kungoti sizifika pamene masewerawa amafuna, pazala, pamfundo ya dzanja ndi pachigongono. Zofunika si zambiri: lamba wansalu wolimba ngati wa karate, chubu chakale cha njinga, ndi zigubu za madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chigubu cha malita 5 ndi makilogalamu 5, ndipo mutha kuwonjezera kapena kuchepetsa pang'onopang'ono kuposa mmene mungachitire ndi zitsulo.

Mangani chigubu kumapeto kwa lamba. Kuti mulimbitse kupinda kwa dzanja, ikani mkono pantchafu chikhatho chikuyang'ana kumwamba, lamba adutse pazala, muzipinda dzanja lokha mkono osasuntha. Kuti mulimbitse kutembenuza kwa toproll, gwirani lamba m'chikhatho, mbali yolemera idutse pamwamba pa chala chachikulu n'kulendewera kunja, chigongono chili pa madigiri 90 pafupi ndi nthiti, ndipo muzitembenuza dzanja kuti chikhatho chiloze pansi. Kuti dzanja lizikhala pamwamba, lamba adutse pamfundo ya mkombaphala, muzidzutsa dzanja kulozetsa chala chachikulu kwa inu. Chilichonse chitani m'magawo atatu, gawo lililonse maulendo 12 mpaka 15, mosathamanga, kawiri kapena katatu pa sabata. Yambani ndi makilogalamu 3 mpaka 5. Ziwoneka zopepuka kwa munthu wozolowera zitsulo, koma cholinga ndi kuzoloweretsa mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa, ndipo imeneyi imakhwima mochedwa kuposa minofu. Vuto la anthu a zitsulo ndi lomwelo: minofu ili kale ndi mphamvu zoposa zimene chigongono chingapirire.

Onjezerani kugwira katundu osasuntha. Nyamulani chigubu chala chachikulu chili pamwamba, chigongono pa madigiri 90, mukhale choncho masekondi 15 mpaka 20. Podzikweza pachitsulo, ponyanipo thaulo muzigwira thaulolo, ndipo muziima pakati masekondi angapo. Chubu cha njinga chimangireni pamtengo molingana ndi msinkhu wa tebulo, muzikoka mopepuka maulendo 30 kapena kuposa. Izi n'zotenthetsera thupi musanalimbane, komanso zoyendetsa magazi tsiku lotsatira.

Patebulo penipeni, kamodzi pa sabata n'kokwanira miyezi yoyambirira. Tenthetsani thupi mphindi 10 mpaka 15, ndipo muzilimbana ndi theka la mphamvu zanu, wina akugwira wina akuyeserera njira, kenako n'kusinthana. Zoyamba modzidzimutsa zija zisiyeni kaye. Kukokera katundu wolemera m'mbali, kuja kofanana ndi kugwetsa mnzanu, musakuyambe mpaka patapita miyezi ingapo, chifukwa ndi kumene kumapweteketsa zigongono kwambiri.

Ululu umene anzanu akumva ndi wofala kwa oyamba kumene. Asabwerere patebulo mpaka utatha.

Woyimbira_Wakale:

Akochi, pa za press ndikusiyana nanu pang'ono. Kuigwiritsa ntchito asaigwiritse, koma aonetsedwe mmene imakhalira, mopepuka, kuti adziwe kusiyana kwa phewa limene lili kumbuyo kwa dzanja ndi phewa limene ladutsa dzanja. Munthu amene sanaonetsedwe amadzaiyamba yekha atapanikizika, ndipo amaiyamba molakwika.

Koma chimene ndalowera muno ndi tebulo. Anthu ambiri amavulala pamatebulo wamba: kutalika kosayenera, chigongono chikuterereka, palibe pogwira, wina wakhala pansi mnzake waimirira, mwinanso mowa uli m'mutu ndipo anthu akukuwiza. Kalipentala kapena wowotcherera atha kukupangirani lamiyeso ya World Armwrestling Federation, bungwe la masewerawa la padziko lonse. Pamwamba pake ndi masentimita 91 m'litali ndi 66 m'lifupi, ndipo lolimbana choimirira limatalika kupitirira pang'ono mita imodzi. Timitsamiro ta zigongono ndi masentimita 18 mbali zonse, tokhuthala masentimita 5, ta siponji yolimba yokutidwa bwino. Sitikhala moyang'anizana ndendende. Kalikonse kamasunthira chakumkono umene ukulimbana. Mitsamiro yogwetserapo ndi masentimita 25 m'litali ndi 10 kukwera. Tizitsulo togwira ndi masentimita 15 kutalika, 2.5 kunenepa, kamodzi mbali iliyonse. Miyendo ikhale yolemera kapena yolumikizidwa ku thabwa limene olimbanawo aimapo, kuti tebulo lisayende.

Poyamba, manja akhale pakati penipeni, mfundo za manja zowongoka, mfundo ya chala chachikulu ikuoneka, mapewa ataloza tebulo molunjika. Woyimbira amati "Ready, go". Chigongono chikachoka pakamtsamiro ndi faulo, kusiya kachitsulo kapena kuyamba asanalamule ndi kulakwanso, ndipo mafaulo awiri ndiye kuti mwaluza. Manja akapulumukana popanda wolakwa, amawamanga ndi lamba n'kuyambiranso. Ngakhale pokonzekera, pakhale munthu wachitatu woyang'ana kaimidwe, ndipo akati lekani, onse awiri aleke nthawi yomweyo osafunsa.

Muzisankhana molingana ndi kulemera. Pamipikisano ya bungweli amuna amagawidwa mosiyana makilogalamu 5 kuyambira 55 mpaka 90, kenako 100, 110 ndi opitirira 110, ndipo mkono wamanja ndi wamanzere uliwonse uli ndi mpikisano wake. Masewerawa analiponso pa African Games, mpikisano wa mayiko a mu Africa, ku Accra m'dziko la Ghana m'chaka cha 2024, ndiye amene mukulimbikira muli ndi kolowera.

Mayi_Fizio:

Ndiwonjezere pa ululu uja, achimwene, kuti anzanu asiyanitse. Wongonyung'unya mkati mwa chigongono kapena m'katikati mwa mkono, umene ukuchepa tsiku ndi tsiku, ndi wa kulemedwa. Apumule, aziyendetsa mkono mopepuka, ndipo asamwe mankhwala opha ululu n'cholinga choti akalimbanenso. Koma apite kuchipatala ngati anamva kulira kwa "thu" polimbana, ngati patupa kapena pada magazi kutsogolo kwa chigongono, ngati nyama ya biceps, ija ya kutsogolo kwa mkono, yakwera chakuphewa, kapena ngati chala chaching'ono ndi choyandikana nacho zikuchita dzanzi. Mtsempha wa biceps ukaduka pachigongono, kuusoka kumayenda bwino m'masabata oyambirira. Mukachedwa umafupika ndipo ntchito imakula. Ululu umene wapitirira masabata awiri kapena atatu osachepa ukaonedwenso.

Wina akathyoka, mnzake asiye dzanja pang'onopang'ono, asalitaye. Musakoke mkono, musauwongole, musausisite. Ugwirizizeni mmene ulili, muukoleke m'khosi ndi chitenje, ndipo chitenje china chizungulire mkono ndi chifuwa kuti usagwedezeke panjira. Vulani mphete ndi wotchi dzanja lisanatupe. Muuzeni ayese kudzutsa dzanja ndi chala chachikulu, muone ngati zala zikutentha ndiponso zili ndi mtundu wake, ndipo zimenezi mukawauze achipatala. Asadye kapena kumwa kanthu mpaka ataonedwa, poti mwina angafunike opaleshoni. Akajambula X-ray, ena amawaika chikhakha kenako chomangira mkono, ena amawaika chitsulo ndi masikuluwu. Fupali limatenga masabata 8 mpaka 12 kuti ligwirane, ndipo kubwerera patebulo kumadikira miyezi ina pamwamba pake, dokotala atajambulanso n'kuvomereza.