Gulu la banja: Agogo akwanitsa zaka 90

Thoko: Mwadzuka bwanji nonse. Wolemba chikwangwani cha mphatso ya agogo uja akufuna mawu pofika Lachisanu. Malo ndi ochepa: dzina, zaka 90, ndi mawu amodzi kapena awiri owafotokoza. Wanenanso kuti sayamba tisanamupatse theka. Mwa mabanja 11 apereka ndi 5 okha.

Amalume: Lembani OSAGWEDEZEKA. Nkhani yatha.

Mai aang'ono: Chosagwedezeka ndi chitsa, achimwene. Munthu mwana wake akamalira amagwedezeka.

Mai aakulu: Tayambanso m'mawa uno? Ine ndimati okhulupirika. Zaka zonse zija amayi ali chigonere ankawasambitsa ndani? Anthu mpaka anawauza kuti apeze wina wowasamala, iwo osayankha n'komwe, kumangotenga beseni.

Yamikani: Okhulupirika amalembera aliyense, ngakhale mlonda akamapuma pa ntchito. Agogo ndi a liuma basi, tonse tikudziwa 😂

Amalume: Iwe Yamikani, liuma ndi mawu onenera agogo ako? Wapereka?

Yamikani: Kumapeto a mwezi adadi

Amalume: Mwezi uti? OSAGWEDEZEKA.

Alamu: Pepani ndilowerereko. Liuma si loipa nthawi zonse. Pa Yeremiya 35 pali Arekabu. Mneneri anawaikira vinyo m'nyumba ya Mulungu momwe, iwo anakana kumwa chifukwa kholo lawo Yonadabu linaletsa kalekale. Nyumba sankamanga, mbewu sankafesa, ankangokhala m'mahema. Ndipo Mulungu anawayamikira. Nabotinso pa 1 Mafumu 21 anakaniza mfumu Ahabu munda wa makolo ake, ngakhale mfumu inati imupatsa wina wabwino kuposa umenewo.

Mai aang'ono: Za minda tisayambe alamu. Ena sukulu inathera pomwepo.

Alamu: Sindimatanthauza zimenezo mai

Mai aang'ono: Ndikudziwa.

Thoko: Bambo a Chiko, ndikuona mwawerenga. Gawo lanu?

Mai aakulu: Mawuwa musamangowasakaniza ana inu. Wamakani amatsutsa kuti apambane, ngakhale akudziwa kuti walakwa. Abambo makani alibe, simunawamvepo akukweza mawu. Wouma mutu ndi amene zonena za anthu sizilowa n'komwe. Iwo amamva, amakusiya ulankhule mpaka malovu kuuma, n'kukuthokoza bwinobwino, mawa n'kukachita zomwe anaganiza kale. Limenelo ndiye liuma. Yamikani sananame, koma sitingalembe zimenezo pa mphatso.

Yamikani: Mwamva adadi

Tadala: Nanga nkhutukumve? 🙈

Mai aakulu: Ameneyo ndi iweyo. Munthu wamkulu sitimunena choncho.

Amalume: Ana a masiku ano ulemu unatha. Ndanena kale, OSAGWEDEZEKA. Pamene mpingo unagawanika anthu onse n'kuthamangira kwatsopano, anatsala ndani? Anthu 6 m'tchalitchi monse, iwo akuimba belu Lamulungu lililonse.

Yamikani: Zikundikumbutsa msilikali wa ku Japan uja, Hiroo Onoda. Nkhondo inatha 1945 iye anapitiriza kumenya m'nkhalango pa chilumba cha Lubang ku Philippines mpaka 1974. Ankamuponyera mapepala kuchokera m'ndege omuuza kuti nkhondo yatha, iye ankati ndi bodza la adani. Anagonja pokhapo mkulu wake wakale atapita yekha kukamuuza kuti tula mfuti.

Tadala: Zaka 29?? Ndiye ndi wokhulupirika kapena wopusa?

Yamikani: Kwawo anamulandira ngati ngwazi. Koma a pa chilumbapo, amene abale awo anaphedwa ndi gulu lake, funsani iwowo

Mai aang'ono: Eya. Muzifunsa a pa chilumba.

Mai aakulu: Iwe, zakwana.

Mai a Chiko: Pepani ndinali opanda bandulo. Kodi zithunzi za ukwati wa Tadala zija zinatuluka? Ine sindinaonepo ngakhale chimodzi

Tadala: Ndinatumiza pa gulu lino kalekale anti, fufuzani m'mwamba

Mai a Chiko: Foni inafufutika zonse. Diresi la buluu lija ndikulifuna ndikasonyeze telala

Alamu: Nanenso munditumizire chimene ndili ndi ana

Thoko: Chonde tibwerere. Mai a Chiko, poti mwabwera, kwanu sikunatuluke kalikonse. Abambo akungowerenga.

Mai a Chiko: Ndiwauza akabwera

Thoko: Munateronso sabata yatha.

Tadala: Bwanji "osunga mwambo"? Zikumveka bwino, komanso ndi zoona. Foni anakana, wotchi ndi yomwe ija ya makiyi, jekete la tchalitchi ndi lomwe lija la pa chithunzi cha ukwati wawo.

Yamikani: Ukawakonda umati osunga mwambo, akakukwiyitsa umati achikale. Munthu yemweyo

Mai aakulu: Achikale ndi chipongwe, zili ngati ukunena kuti anatsalira. Iwo sanatsalire, wailesi amamvera kuposa tonsefe, nkhani za dziko angakuuzeni ndi mayina omwe. Anangosankha zoti asunge.

Mai aang'ono: Ndi oti awasunge.

Amalume: Achemwali, zaka 30 zapita. Mufuna mpaka liti?

Mai aang'ono: Ndinatengera kwa bambo anga. Si mwati n'chinthu chabwino?

Tadala: 😶

Alamu: Pali mawu ena, kukangamira. Monga Rute anakangamira apongozi ake Naomi pamene mnzake Olipa anabwerera kwawo. Mwina "okangamira choonadi".

Yamikani: Choonadi cha ndani alamu

Amalume: OSAGWEDEZEKA. Ndine mwana wamwamuna wamkulu pano ndipo ndalankhula katatu.

Thoko: Kanayi amalume. Ndipo poti tikuwerenga, nawu mndandanda. Amaliza: mai aakulu, alamu, Tadala, ine, ndi achimwene a kunja. Apereka theka: amalume. Sanayambe: Yamikani, a Chiko, mai aang'ono, ndi awiri aja amene chilowereni pa gulu lino sanalembepo ngakhale moni.

Amalume: Theka linalo ndinagwiritsa ntchito pa mayendedwe okaona abambo. Ena mumapitako?

Thoko: Zimenezo sitinagwirizane.

Bambo a Chiko atuluka pa gulu

Tadala: Eee

Mai aakulu: Asiyeni, abweranso tsiku la phwando. Thoko, muuze wolembayo aike "Okhulupirika ndi Osagwedezeka", aliyense atengepo ake.

Thoko: Sizikwana pa mzere umodzi, ndafunsa kale. Akuti zilembo zikachuluka ndalamanso zikwera.

Amalume: Ndiye chotsani loyambalo.

Mai aang'ono: Thoko taona foni yako, ndatumiza zonse, ndi za Yamikani zomwe. Lembani chimene mufuna. Koma zoti ndidzaimirire kuwerenga mawuwo pamaso pa anthu, pezani wina.

Thoko: Ndalandira mai, zikomo. Yamikani uwathokoze. Amalume theka lija ndikulidikira pofika Lachinayi madzulo. Ali ndi nambala ina ya bambo a Chiko anditumizire ku inbox.