Chithunzi cha Namalenje ndi changa kapena ndi cha aliyense?

Wakamera_Senga

Abale, ndigawireni nzeru. Ine ndimajambula zithunzi kuno ku Senga Bay, kwambiri maukwati ndi alendo obwera kudzasamba kunyanja Loweruka. Mwera ukayamba alendo amachepa, ndiye ndimangojambula zondisangalatsa ndekha. Tsiku lina m'mbandakucha ndinajambula chilumba cha Namalenje dzuwa likutuluka, patsogolo pali bwato la asodzi a usipa likubwerera kumtunda nyali zisanazime. Ndinachiika pa Facebook, dzina langa lili pakona yam'munsi.

Mwezi wathawu mlamu wanga wanditumizira sikirinishoti. Malo ena ogona alendo, dzina sinditchula, atenga chithunzicho, adula pomwe panali dzina langa, alembapo mitengo ya zipinda ndi nambala zawo. Nditawaimbira, bwana wake anangoseka. Akuti chilumbacho munaumba ndinu? Nyanja ndi ya Mulungu, komanso chilichonse chimene chili pa Facebook ndi cha aliyense.

Kodi zoona ndilibe mawu pamenepa?

Lina ndi ili. Ndikufuna kupanga kalendala yogulitsa, ya malo otchuka: mtengo wa Livingstone ku Nkhotakota, tchalitchi cha All Saints, mwinanso manda a Kamuzu ku Lilongwe. Koma anzanga akundiopseza kuti nyumba zotchuka zili ndi eni ake, ati ku France munthu sungajambule Eiffel Tower usiku osalipira. Ndisanawononge ndalama kokasindikiza, amene mukudziwa ndithandizeni.

Mphunzitsi_Wopuma

Mwana wanga, bwanayo wakuzunguza mutu dala. Nyanja ndi ya Mulungu, inde, koma usipa umene msodzi wakoka ndi chilimira chake sautapa aliyense pathandala ulele. Namalenje si wako, ndipo bwanayo akadzuka yekha 4 koloko n'kukaima pamchenga ndi foni yake, palibe angamuletse kujambula chilumba chomwecho. Chako ndi chithunzicho: pomwe unaima, mphindi imene unadikira, bwato lija kuti lifike pakati.

Lamulo lilipo, Copyright Act ya 2016, yomwe inalowa m'malo mwa ya 1989. Zithunzi zojambula ndi kamera zili m'gulu la ntchito za luso zotetezedwa, chimodzimodzi nyimbo ndi mabuku. Ndipo sufunika kukalembetsa kaye kuti chikhale chako. Umwini umayamba pomwe wangojambula. Umu ndi mmene zilili m'maiko onse a pangano la Berne loteteza umwini wa ntchito za luso, lomwe Malawi analowamo mu 1991.

Za Facebook zo ndi bodza lamkunkhuniza. Ukaika chithunzi, umapatsa kampani ya Facebook chilolezo choti ichisunge ndi kuchionetsa, koma umwini umatsala ndi iwe. Anthu akadina share, chithunzicho chimayenda ndi dzina lako, palibe vuto. Kuchitsitsa, kudula dzina, n'kuchisandutsa chotsatsira malonda, imeneyo ndi nkhani ina. Pamenepo alakwa pawiri: agwiritsa ntchito osapempha, afufutanso dzina la mwini, pomwe lamulo limapatsa waluso ufulu wotchulidwa pa ntchito yake.

Chita izi. Chithunzi choyambirira chija chisachoke mu memory card, chifukwa chimasunga tsiku, nthawi ndi mtundu wa kamera, ndipo ndi chachikulu kuposa chodulacho. Sunga masikirinishoti a tsamba lawo asanachotse. Kenako usawaimbirenso, alembere kalata yaulemu, unenemo kuti asankhe: achichotse kapena alipire mtengo wakutiwakuti n'kubwezeretsa dzina. Akakana, pita ku COSOMA ku Lilongwe. Anthu ambiri amaganiza kuti bungweli ndi la oimba okha, koma linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziyang'anira umwini wa aluso onse. Facebook nayo ili ndi fomu yodandaulira ngati wina waba ntchito yako, ndipo imatha kuchichotsa.

Nabanda_ku_Brussels

Achimwene, za Eiffel Tower anzanuwo amva mbali imodzi. Nsanjayo inamangidwa mu 1889, Gustave Eiffel anamwalira mu 1923, ndiye umwini wa kapangidwe kake unatha kalekale. Masana jambulani, gulitsani, palibe wokufunsani. Chovuta ndi magetsi amene amaiwalitsa usiku. Anawaika mu 1985, wokonza wake anali Pierre Bideau, ndipo kampani yoyang'anira nsanjayo imati kuwala kumeneko ndi ntchito ya luso payokha. Komabe iwo eni amanena kuti mlendo wongojambula n'kuika pa Facebook kapena Instagram alibe mlandu. Chilolezo chimafunika kwa amene akufuna kupanga nacho ndalama, monga mapositikhadi, zotsatsa malonda, kapena kalendala ngati yanuyo.

Kuno ku Ulaya nkhaniyi amaitcha freedom of panorama, kutanthauza ufulu wojambula nyumba ndi ziboliboli zimene zili poyera pomwe aliyense amadutsa, ndipo dziko lililonse lili ndi pake. Ku Germany ndi ku UK ufuluwu ndi wotakasuka. Kuno ku Belgium kunalibe mpaka 2016, moti chithunzi cha Atomium, chinyumba cha mipira yachitsulo chija cha mu 1958, anthu ankaopa kuchifalitsa. France nayo inavomera mu 2016 yomweyo, koma kwa munthu payekha amene sakugulitsa. Ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, kuli kachiboliboli ka mtsikana wa mchira wa nsomba atakhala pamwala. Wosema wake, Edvard Eriksen, anamwalira mu 1959, ndipo poti kumeneko umwini umatha pakapita zaka 70, abale ake akhala akulipiritsa nyuzipepala mpaka lero. Zidzatha kumapeto kwa 2029.

Ndiye funso loti muzidzifunsa pa tsamba lililonse la kalendala ndi lakuti: chinthuchi anapanga ndi munthu? Ngati eya, anamwalira liti?

KK_Linga

Ndiyankhe za kwathu kuno. Mkuyu wa Livingstone, pomwe anakumana ndi Jumbe mu 1863 kukamba zothetsa malonda a akapolo, ndi mtengo basi, palibe anaulemba kapena kuusema. Tchalitchi cha All Saints ndi cha m'ma 1890, Bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895 anaikidwa momwemo. Kwathu umwini umatha zaka 50 chimwalirire mwini ntchito, ndiye amene anajambula pulani ya tchalitchicho asakusowetseni tulo. Manda a Kamuzu ndi ena, anatsegulidwa mu 2006, ndi dzulodzuloli. Amenewo funsani a COSOMA musanasindikize, ndipo akuyankheni molemba, osati pafoni.

Koma achimwene, copyright si chipata chokhacho. Mtengo uja uli pamalo a mishoni, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, pamadutsa odwala ndi owadikirira atanyamula mabeseni ndi mafulasiki. Simungangofika n'kuimika kamera pa choimikira chake cha miyendo itatu ngati muli pabwalo la mpira. Kaonaneni ndi akuluakulu a pamalopo, muwauze kuti ndi kalendala yogulitsa, ndipo nkhope za odwala zisalowemo. Kunkhalango ya Nkhotakota, yomwe a African Parks akuyang'anira kuyambira 2015, njovu zilibe copyright, koma pachipata nenani chilungamo kuti mukujambula zamalonda, iwo ndiwo akuuzeni malamulo awo. Ndipo inu a ku Senga Bay mukudziwa bwino kuposa ine kuti kufupi ndi kampu ya asilikali kamera imalowa m'chikwama. Kumeneko sakufunsani za Berne.

China, ngati mukuganiza zoikamo Gule Wamkulu, monga amachitira ambiri opanga makalendala, dziwani kuti lamulo lomwelo la 2016 limatetezanso za chikhalidwe cha makolo zikafuna kugulitsidwa. Ngakhale lamulolo pakanapanda, ine sindingajambule gule osayamba ndapempha kwa amfumu ndi eni dambwe.

Za malo ogona alendowo, a Mphunzitsi anena zoona, koma ine ndilibe chikhulupiriro kuti mudzaona ndalama. Kuno anthu kulipira chithunzi amakuona ngati kugula mphepo. Dzina muziika pakati penipeni, mopepuka, pomwe sangadule osaononga chilumbacho, ndipo pa Facebook muziika chaching'ono chosatheka kusindikiza pa chikwangwani.

Wakamera_Senga

Zikomo nonse. Manda a Kamuzu ndayamba ndawachotsa pamndandanda, m'malo mwake ndiikamo dziwe la Chia. Kalata ndalemba usiku, koma ndaima pa mtengo. A Mphunzitsi, ndilembepo zingati? Ndikuopa kutchula zambiri angangochichotsa basi, ine n'kutsala chimanjamanja.

Mphunzitsi_Wopuma

Usatchule ya m'mutu. Iwo alemba okha mitengo ya zipinda pachithunzi chakocho. Tenga mtengo wa chipinda chawo chabwino usiku umodzi, uyambire pamenepo, ndipo ulembe kuti chilolezocho ndi cha chaka chimodzi, pa Facebook pokha. Akafuna cha pa chikwangwani cha kumsewu wa ku Salima, abwerenso mudzakambirane mtengo wina.