Windows 11 ikukana laptop yathu: tigule ina kapena yakaleyi ikokebe?

Amayi a Tadala: Abale anga, mwaswera bwanji nonse? Ndithandizeni nzeru. Laptop ya pakhomo pano ikumatulutsa uthenga wodzaza sikirini yonse woti Windows 10 nthawi yake yatha, tipite pa Windows 11. Ndikadina kuti ndipiteko, ikuti kompyutayi siyikukwanira. Ndinafunsa pashopu ina m'tauni, mnyamata wa pamenepo akuti palibenso chochita, ndigule ina. Mtengo umene ananditchulira ndi fizi ya Tadala ya teremu yathunthu, chenji n'kutsala pang'ono. Chonsecho laptopyi ikuyaka bwinobwino. Tadala amalemberapo za kusukulu, ine ndimasungamo mabuku a banki mkhonde yathu ya ku Chilomoni kuno ndi mayeso a ana a m'kalasi mwanga. Nzoona kuti ndiyenera kugula?

Amalume a ku Zingwangwa: Wogulitsa angakuuze kuti usagule? Yanga ili pa Windows 7 mpaka lero, ndalama zonse za mpingo ndimawerengera pomwepo, siinandikanepo. Sunga ndalama mwana wanga.

Wa ku MUBAS: Agogo, Windows 7 anasiya kuisamalira mu Januwale 2020. Ngakhale Chrome inasiya kutumizako zatsopano kumayambiriro kwa 2023. Inu zikukuyenderani chifukwa kompyuta yanu siidziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli intaneti.

Amalume a ku Zingwangwa: Ndiye vuto lili pati? Intanetiyo ndili nayo pafoni.

Achimwene a ku Limbe: Tadikirani kaye, tisanayambe kukangana tione chinthucho. Achemwali, pitani pa Settings, kenako System, kenako About. Mundilembere zimene zili pa Processor ndi pa RAM, ndi nambala ya Version imene ili m'munsi mwake.

Amayi a Tadala: Palembedwa Intel Core i5-6200U. RAM 4 GB. Version 22H2.

Achimwene a ku Limbe: Eya, nkhani yake ndi imeneyo. Onani nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko, 6. Ikutanthauza kuti purosesa yanu ndi ya m'badwo wa 6, ya m'ma 2015. Windows 11 inatuluka mu Okutobala 2021 ndipo kwa Intel imafuna m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kwa AMD imafuna Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Imafunanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB, ndi malo osachepera 64 GB. Anthu ambiri amene amandibweretsera makompyuta okanidwa, vuto limangokhala loti TPM ndi yozimitsa mu BIOS, masetingi amene timalowamo Windows isanayake, tikaiyatsa basi zatheka, ndipo kukwera kwake n'kwaulere ngati Windows 10 yawo ili yeniyeni. Koma yanuyi ayi, ndi purosesa. Pa laptop ngati yanuyi purosesa ndi yomatirira pabolodi, sitisintha. Ndiye mnyamata uja sananame kuti yakanidwa. Chimene sanakuuzeni n'choti kukanidwako sikutanthauza kuti mugule sabata ino.

Amayi a Tadala: Nanga tsiku lina siidzangozima yokha?

Achimwene a ku Limbe: Siizima. Chimene chinatha pa 14 Okutobala 2025 ndi zigamba zachitetezo zimene Microsoft inkatumiza mwezi ndi mwezi. Zili ngati nyumba imene mlonda wasiya ntchito: zitseko zilipo, mukugonamo, koma akuba akatulukira pobowoka palibe wobwera kudzatseka.

Wa ku MUBAS: Ndipo si nthano azakhali. Mu Meyi 2017 kunabuka vayirasi yotchedwa WannaCry, inatseka mafayilo m'makompyuta a m'maiko ambirimbiri, mpaka zipatala za ku England zinabweza odwala. Chigamba chake chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, amene anapwetekeka ndi amene sanachiike. Tsopano taganizani kompyuta imene chigambacho sichibwera n'komwe.

Achemwali a ku Ndirande: Ine za ku England sindikuzidziwa, ndikudziwa za mafulashi. Pashopu panga munthu amabwera kudzapulinta CV, ukabaya fulashi yake mafoda onse asanduka timivi, ukadina palibe chikutseguka, iye ali pambali pakopo akulumbira kuti kunyumba zimatseguka. Madzulo kompyuta yako nayonso yayamba misala. Fulashi ya Tadala imapita kusukulu, imabwera kuno, imabwerera kwanu. Ndiye chitetezocho musachipeputse achemwali.

Alamu a ku Johannesburg: Moni nonse, ndinali pantchito. Ine maganizo anga ndi osiyana. Gulani, ndipo gulani msanga. Kuno laptop zochoka m'maofesi za m'badwo wa 8 zilipo zambiri, zolimba, zina ngati sizinagwirepo ntchito. Ndikhoza kupatsira anyamata a mabasi ikafika ku Blantyre. Mukuti mudikire, koma kwacha sidikira munthu. Mu Novembala 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene ankasunga ndalama ya laptop nthawi imeneyo anadzuka ali ndi ya foni.

Amalume a ku Zingwangwa: Pamenepo pokha alamu anuwa anena zoona. Penshoni yanga ndi mboni.

Amayi a Tadala: Alamu, mawu anu ndi omveka, koma ndalamayo ikhalepo kaye. Teremu yangoyamba kumene. Banki mkhonde timagawana mu Disembala. Ndikakongola panopa chiwongoladzanja chake chindidya.

Wa ku MUBAS: Bwanji osangochotsa Windows n'kuika Linux Mint m'malo mwake? Ndi yaulere, siifunsa za TPM, pa 4 GB imathamanga kuposa Windows 10, ndipo zigamba zimabwerabe. Ili ndi LibreOffice, imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Anzanga angapo ku hostel ali pa imeneyo. Ndikhoza kudzaika Loweruka, ola limodzi latha.

Achimwene a ku Limbe: Iwe, ukaika n'kubwerera kusukulu, foni zonse zizibwera kwa ine. Linux ndi yabwino, sindikutsutsa, inenso ndili nayo pa kompyuta imodzi pashopu. Koma azakhali ako amalemba mayeso a masamu okhala ndi matebulo ndi zithunzi, n'kupita nawo kusukulu kumene aliyense ali pa Word. Fayilo ikachoka ku LibreOffice kupita ku Word nthawi zina tebulo limasuntha, funso 5 n'kupezeka latsikira tsamba lina. Ndiye ukufuna akazione zimenezo m'mawa wa tsiku la mayeso?

Wa ku MUBAS: Angosunga ngati PDF, adadi. Palibe chimasuntha.

Achemwali a ku Ndirande: Nanga ahedi akafuna kusintha funso? Ndiponso ine musandiyandikire nayo Linux yanuyo. Makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro ndimapangira pa CorelDRAW ndi Publisher, ndiye chakudya changa chimenecho.

Wa ku MUBAS: Publisher yomweyonso Microsoft inalengeza kuti ikuisiya mu Okutobala 2026, azakhali aang'ono. Muyambiretu kuphunzira china.

Achemwali a ku Ndirande: Mwana uyu amangobweretsa uthenga wa maliro.

Achimwene a ku Limbe: Tamverani njira imene ine ndikuona. Pali ndondomeko yotchedwa ESU, imene imapatsa Windows 10 zigamba zachitetezo chaka china, mpaka pa 13 Okutobala 2026. Ukafuna kulipira ndi madola 30. Koma pali njira yaulere: kulowa ndi akaunti ya Microsoft n'kulola kuti masetingi a kompyuta azisungidwa kumeneko. Imafuna Version 22H2, imene achemwali muli nayo kale, ndi Windows yeniyeni. Tayang'anani pakona ya kumanja m'munsi mwa sikirini, pamwamba pa wotchi. Pali timawu totuwa toti Activate Windows?

Amayi a Tadala: Palibe. Pali chithunzi cha Tadala ali ku Mulanje basi.

Achimwene a ku Limbe: Chizindikiro chabwino, koma ndidzatsimikiza ndekha, chifukwa zambiri zimene zimagulidwa muno m'tauni timawuto anangotibisa ndi mapulogalamu okuba. Ngati ili yeniyeni, pa Windows Update pamabwera polembetsa. Kuonjezera apo, Microsoft inanena kuti antivayirasi yake ya Defender izilandirabe zatsopano pa Windows 10 mpaka Okutobala 2028. Ndiye mafulashi a ku Ndirande aja alipo wowayang'anira.

Alamu a ku Johannesburg: Alamu, kumeneko n'kukankhira vuto kutsogolo. Okutobala akafika mudzakhalanso pomwepa, mtengo utakwera.

Achimwene a ku Limbe: N'kukankhira kutsogolo inde, ndipo nthawi zina n'kofunika. Munthu wogula mothamanga ndi amene amagulitsidwa mbola. Ndikuuzeni zimene ndikuona ku Limbe kuno. Laptop za kaunjika zaikidwa pashelefu, zonse zikuwala ndi Windows 11, kabatani ka Start kali pakati, wogula akusangalala. Ukalowa pa About ukupeza i5-6300U, ina mpaka m'badwo wa 4. Anaikakamiza ndi kapulogalamu kotchedwa Rufus, kamene kamadumpha mafunso a TPM ndi purosesa. Munthu wataya laptop yake ya m'badwo wa 6 n'kugula ina ya m'badwo wa 6 yomweyo, kungoti yavala malaya atsopano. Ndipo akulipiritsa ngati yatsopano.

Amayi a Tadala: Ndiye ngati zimatheka kukakamiza, bwanji osangokakamiza yangayi? Bwenzi nkhani yatha.

Wa ku MUBAS: Funso limenelo ndimalidikira.

Achimwene a ku Limbe: Zimatheka, ndipo ndachitirapo anthu amene anaumirira. Imayenda. Koma Microsoft inaneneratu kuti kompyuta yosakwanira ilibe lonjezo lolandira zigamba. Kawirikawiri za mwezi ndi mwezi zimabwera, koma ikatuluka Version yatsopano ya chaka, siibwera yokha, mpaka wina akhalenso pansi aikakamize. Kwa mnyamata wangayu amene amasangalala kompyuta ikavuta, palibe kanthu. Kwa inu amene mukusunga ndalama za amayi a gulu lonse, ayi. Chinanso, Windows 11 pa 4 GB ndi hadi disiki yozungulira ija, mudzatha kuphika tiyi isanamalize kuyaka.

Amayi a Tadala: Panopa ikutero kale. Ndimayatsa n'kukasesa kaye pakhonde.

Achimwene a ku Limbe: Amenewo ndiye matenda enieni a laptop yanu, osati Windows. Ikani khutu pafupi ndi kiyibodi ikamayaka, mumva kakulira ngati kakukanda m'kati. Ndi hadi disikiyo. Tikachotsa n'kuika SSD, disiki yothamanga yosazungulira, n'kuonjezera RAM kufika 8 GB, mudzaiwala kuti munkafuna ina. Mtengo wake ndi kachigawo chabe ka umene anakutchulirani m'tauni.

Alamu a ku Johannesburg: Kuthira ndalama m'chinthu chimene mukuchitaya chaka chamawa?

Achimwene a ku Limbe: SSD siitayika. Mukadzagula ina timaiika m'kabokosi, isanduka yosungiramo mafayilo. RAM yokhayo ndiye ingatsalire, ndipo ngati ndalama zavuta tiyamba ndi SSD yokha. Komanso ndani wanena kuti akuitaya? Ikadzabwera ina, iyi ikhala ya Tadala, pamenepo ndiye Linux ija ilowe.

Amalume a ku Zingwangwa: Ine funso langa ndi limodzi. Windows 11 imeneyi ili ndi chiyani chimene mwanayu akuchisowa? Akagula, Excel iwerengera bwino kuposa kale?

Wa ku MUBAS: Kunena chilungamo agogo, kwa ntchito za azakhali palibe chachikulu. Start ili pakati, mawindo amasanjika bwino pasikirini, File Explorer ili ndi matabu. Chenicheni ndi chitetezo, ndi kuti mapulogalamu atsopano pang'onopang'ono adzayamba kuikana Windows 10 monga anachitira ndi 7 yanuyo.

Amalume a ku Zingwangwa: Ndiye fizi ya teremu yathunthu kugula matabu.

Achemwali a ku Ndirande: Musaiwalenso bandulo. Windows 11 kuitsitsa ndi ma GB opitirira 5, osawerengera zigamba zobwera pambuyo. Ndipo yatsopano ukamaiyatsa koyamba imafuna intaneti ndi akaunti. Ine ndinayamba yanga ndi bandulo ya usiku, magetsi n'kuzima ili pakati, desktop ilibe batire. Kunacha ndili maso. Achimwene, pulinta yanga yakale ija mudzaiyese kaye pa Windows 11 yanu ndisanasunthe kompyuta yachiwiri, ndikaluza imeneyo ndatseka shopu.

Achimwene a ku Limbe: Mubwere nayo. Achemwali aakulu, batire la laptop yanu limasunga moto?

Amayi a Tadala: Ukangozula chaja limapirira pang'ono n'kuzima.

Achimwene a ku Limbe: Ndiye musayese chilichonse kunyumba. Mubwere nayo kushopu, kuli inveta. Musanabwere kopererani mabuku a banki mkhonde ndi zithunzi zonse pa fulashi yatsopano, osati ya Tadala.

Amayi a Tadala: Chabwino, ndamva. Panopa sindigula. Loweruka ndibwera ku Limbe, tilembetse ESU ija ndipo mundiuze mtengo wa SSD. Alamu, inu musasiye kuyang'ana. Mukaona yabwino mundiuze mtengo ndiyambe kuponya pang'onopang'ono, Disembala ndikamalize. Koma pakati pa Okutobala ndi Disembala ndiye pakhala bwanji?

Achimwene a ku Limbe: Miyezi iwiri imeneyo za ku banki muzichitira pafoni, laptop izingolemba. Alamu, musanalipire kalikonse munditumizire chithunzi cha About, ndione nambala ndi maso anga. Sitika ya pachivundikiro ayi, amamata. Ikhale 8 kupita m'tsogolo, RAM 8 GB, SSD, ndipo muzule chaja muone ngati batire likupirira.

Alamu a ku Johannesburg: Ndamva bwana. Koma mtengo wa lero si wa Disembala, ndanena ndili pano, gulu lonse ndi mboni.

Wa ku MUBAS: Azakhali, ikadzabwera yatsopanoyo, yakaleyi mundiganizire. Tadala ndi mwana, aiwononga.

Amayi a Tadala: Tadala wawerenga, akuti ubwere udzanene pamaso pake.