Telesikopu ija yachira

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake nyenyezi zinkaoneka ndi kamchira mu telesikopu yanga ya mtundu wa Newton (yogwiritsa ntchito magalasi ngati odziyang'anira, lalikulu pansi ndi kakang'ono pamwamba), chibwerereni nayo kuno ku Ulongue kuchokera ku Tete. Munanena zoona akuluakulu, magalasi anasuntha ndi mabampu a pamsewu.

Ndinaboola kabowo pakatikati pa chivindikiro cha posuzumira kuti ndizionerapo ngati magalasi alunjikana. Ndinayamba kuwongola kagalasi kopendekeka kapamwamba, kenako galasi lalikulu lapansi, masikuluwu atatu aja pang'onopang'ono. Limodzi ndinalimanga mopitirira, basi kuyambiranso, thukuta lili kamukamu.

Usiku galasi litazizira ndinalunjika nyenyezi yowala n'kusokoneza fokasi dala, kuti nyenyeziyo isaoneke ngati kadontho koma ngati mphete zowala. Kamdima kapakati, kamene ndi mthunzi wa kagalasi kopendekeka kaja, kanakhala pakatikati penipeni pa mphete zowala. Miyezi 4 ya Jupiter ikuoneka ngati timadontho, mchira palibe. Zikomo kwambiri.