Mlamu wanga wanditumizira mayi ndi sipanala, akutanthauzanji?

Wosatchula dzina: Abale thandizeni, mtima suli m'malo. Mlamu wanga wanditumizira pa WhatsApp ka emoji ka nkhope ya mayi, pambali pake sipanala, popanda mawu alionse. Ine ndi iyeyu sitimwerana madzi. Chaja yanga anabwereka mpaka lero, komanso amauza achimwene ake kuti ndine waulesi, chonsecho ana ake amaswera kwanga. Foni yanganso ndi yakale, galasi linang'aluka. Kodi akundiopseza?

Wapagalaja: CHEMWALI, AMENEYO NDI MAKANIKA WAMKAZI 👩‍🔧! Palibe choopsa. Koma zimandiwawa kuti anthu mukaona mkazi ndi sipanala mumaganiza ndewu. Ndagwirapo ntchito ndi atsikana otsitsa giyabokosi okha, anyamata atangoima.

Mayi wa atatu: Mukufunsa gulu lonseli, kumuimbira mwalephera? Maukwati amatha ndi zotere.

Wamafoni: Vuto ndi foni yanu, achemwali. Emojiyi ndi zizindikiro ziwiri, mayi ndi sipanala, zolumikizidwa ndi kachizindikiro kosaoneka. Foni yakale imalephera kuzilumikiza, ndiye imazionetsa padera. Emojiyi inabwera mu 2016, a Google atapempha a Unicode, bungwe lovomereza ma emoji, kuti pakhale ma emoji a akazi ogwira ntchito zosiyanasiyana. Funsani wa foni yatsopano akuonetseni.

Wapagalaja: Mwamva? Mpaka 2016 mkazi wokonza galimoto analibe nkhope pafoni! Manyazi!

Dalaivala: Wamkazi kaya wamwamuna, makanika ndi makanika. Wina anandichotsera batire yatsopano n'kuikamo yakutha, ndinakankha galimoto mvula ikugwa.

Wapagalaja: Musatinyoze tonse chifukwa cha wakuba mmodzi, bambo. Munapita kwa wotchipa nokha.

Dalaivala: Munalipo?

Kamnyamata: Mwina akuti chaja ija akuikonza 😂

Mphunzitsi: Si ya magalimoto okha. Ena amaigwiritsa ntchito ponena pulambala, wa magetsi, kapena kungoti "ndikonza ndekha". Tanthauzo lili pa zomwe munkakambirana. Inu munamulembera chiyani asanatumize?

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Koma mlamu ameneyu simukumudziwa, ngakhale pa chinkhoswe changa anabwera mochedwa dala.

Mphunzitsi: Achemwali, uthenga wanu womaliza unali wotani?

Wapagalaja: Zisiyeni zimenezo aphunzitsi. Dalaivala, ndikufunsanso, batire ija munailemba chizindikiro musanasiye galimoto? Ayi. Ndiye mukulira chiyani? Ine mwana wanga wamkazi ndikumuphunzitsa ntchitoyi, ndipo emojiyi ndinaiika pa dzina lake mufoni mwanga.