Chitsulo chikupsa pa gudumu la CBN, ndithandizeni

Akuluakulu anzanga a ntchito zamakina, ndagwira njakata. Kuno ku Johannesburg komwe ndimagwira ntchito tayika gudumu la CBN (cubic boron nitride, chinthu cholimba kwambiri chopalira chitsulo) losalazira mashafiti achitsulo cholimbitsidwa. Kale ndi gudumu la aluminium oxide tinkayendetsa pa mamita 35 pa sekondi, zonse zili bwino. Pano tafika pa 80, koma shafiti ikumatuluka ndi timizere tabuluu, ndipo dzulo ina ndinaipeza ndi timing'alu. Ndikayang'anitsitsa, madzi oziziritsira sakufika pomwe gudumu likudya chitsulo, mphepo ya gudumulo ikungowamwaza.

Kodi ndiwonjezere mphamvu ya pampu kuti madzi azithamanga mofanana ndi gudumu, kapena vuto ndi dressing (kunola ndi kuyeretsa pamwamba pa gudumu)? Amene munakumanapo nazo, chonde ndiuzeni. Mashafiti otayika akuchuluka, mtima wanga suli m'malo.