Kolona ndi mmodzi, nanga bwanji mumphakati tikupemphera mosiyana?

Mayi wa mphakati, Mangochi boma

Moni nonse mwa Ambuye. Okutobala wayandikira ndipo mphakati wathu wagwirizana kuti tizipemphera kolona madzulo aliwonse, lero nyumba iyi mawa nyumba ina. Koma mumphakatimu muli anthu ochokera m'maparishi osiyanasiyana, ena akonkuno kunyanja, ena anabwera ndi ntchito kuchokera ku Dedza ndi ku Zomba. Ena amayamba ndi Ndikhulupirira, ena amangolowa mu misteri yoyamba (misteri ndi zochitika za m'moyo wa Yesu ndi Amayi Maria zimene timasinkhasinkha). Ena akatha Ulemu kwa Atate amawonjezera pemphero la ku Fatima, a gulu la Legio ya Maria amati kwawo silinenedwa. Loweruka achinyamata amati ndi misteri yokondweretsa, achikulire amati ndi yaulemu. Cholondola n'chiti? Komanso mkanda uja uli pafupi ndi mendulo, ndi wa Ulemu kwa Atate kapena wa Atate athu? Odziwa tithandizeni mwezi usanayambe.

Katekisiti wopuma

Zikomo amayi. Tiyambire pa mikanda, chifukwa chisokonezo chambiri chimayambira m'zala. Yalani kolona wanu pamphasa muwerenge: mikanda ilipo 59. Kuchoka pa mtanda kukafika pa mendulo ndi isanu, umodzi uli pawokha, itatu yoyandikana, kenako wina pawokha. Mukadutsa mendulo mupeza mikanda 50 yogawidwa khumikhumi, ndipo yolekanitsa zigawozo ndi inayi yokha, osati isanu. Ndiye kuti Atate athu wa chigawo choyamba alibe mkanda m'bwalo lija. Mkanda wake ndi womwe mwafunsawo, wa pafupi ndi mendulo. Ulemu kwa Atate alibe mkanda paliponse, amanenedwa chala chili pa tcheni kapena pa ulusi musanagwire mkanda wotsatira. Alipo amene amanena Ulemu pa mkanda umenewo n'kukanenera Atate athu pa mendulo. Mapemphero awo amakwanabe, koma pophunzitsa ana musankhe njira imodzi, apo ayi mwana amafika pa chigawo chachiwiri ali kumbuyo ndi mkanda umodzi. Mukayamba ndi Ndikhulupirira, zonse pamodzi zimakhala Atate athu 6, Tikuoneni Maria 53 ndi Ulemu kwa Atate 6.

Tsopano fupa la nkhani. Chimene sichisintha ndi ichi: kutchula misteri ndi kuisinkhasinkha, Atate athu mmodzi, Tikuoneni Maria khumi, Ulemu kwa Atate, kasanu. Kalelo kolona wathunthu anali ndi zigawo 15, Tikuoneni Maria 150 molingana ndi Masalimo 150, ndipo Papa Pio Wachisanu anakhazikitsa dongosolo limeneli mu 1569. Zina zonse, zapoyambira, zapakati ndi zapomaliza, ndi miyambo yabwino ya malo ndi malo, si lamulo.

Za poyambira, Papa Yohane Paulo Wachiwiri analemba yekha m'kalata yake yokhudza kolona ya pa 16 Okutobala 2002 kuti m'madera ena amayamba ndi Ndikhulupirira, m'madera ena amayamba ndi mawu oyamba a Salimo 70 opempha Mulungu kuti afulumire kudzatithandiza, ndipo njira ziwiri zonsezi n'zololedwa. Mikanda itatu ija ambiri amainenera kupempha chikhulupiriro, chiyembekezo ndi chikondi. Pomaliza munene Tikuoneni Mfumukazi kapena Litaniya ya Amayi Maria, kapena zonse ngati nthawi ilipo, ndipo musaiwale kupempherera zofuna za Papa. Poti wanu ndi wa mu Okutobala, dziwaninso kuti Papa Leo wa 13 anapempha mu 1889 kuti mwezi umenewu tiziwonjezera pemphero la kwa Yosefe Woyera tikatha kolona. Ambiri analiiwala, koma likadali m'mabuku.

Kumbali ya Litaniya onetsetsani kuti nonse muli ndi yofanana. Mu 2020 Papa Fransisko anawonjezera mayina atatu: Amayi achifundo, Amayi a chiyembekezo, ndi Chitonthozo cha anthu osamuka kwawo. Mabuku osindikizidwa chisanafike chaka chimenecho alibe mayinawa, n'chifukwa chake wotsogolera akawatchula ena amakhala chete poganiza kuti walakwitsa.

Mphunzitsi wa kalasi ya ulimbitso

A Katekisiti afotokoza bwino, ine nditenge za masiku. Achikulire anuwo sakulakwa amayi, akungotsata ndondomeko imene anakula nayo. Chisanafike chaka cha 2002 zinali chonchi: Lolemba ndi Lachinayi yokondweretsa, Lachiwiri ndi Lachisanu yachisoni, Lachitatu, Loweruka ndi Lamulungu yaulemu. Kalata ya Papa Yohane Paulo Wachiwiri ija itabweretsa misteri isanu ya kuwala panafunika tsiku loiika. Anaipatsa Lachinayi, ndipo yokondweretsa imene inali pa Lachinayi anaisunthira pa Loweruka, chifukwa Loweruka ndi tsiku la Amayi Maria kuyambira kale ndipo m'misteri imeneyi ndi momwe iwo amaonekera kwambiri. Ndiye panopa Lolemba ndi Loweruka yokondweretsa, Lachiwiri ndi Lachisanu yachisoni, Lachitatu ndi Lamulungu yaulemu, Lachinayi ya kuwala. Kolona wathunthu tsopano ndi zigawo 20.

Papayo anazipereka ngati langizo, ndipo ananena kuti nyengo ya Mpingo ikhoza kusintha ndondomekoyi. Khrisimasi ikagwa Lachisanu palibe chifukwa chonenera misteri yachisoni. Ena Lamulungu la mu Adventi amanena yokondweretsa, la mu Lenti yachisoni, ndipo palibe cholakwika. Maganizo anga, mphakati utsate ndondomeko ya 2002. Ndi imene ili m'mabuku atsopano, ndi imene ana akuphunzira, ndipo popanda misteri ya kuwala kolona amadumpha kuchoka pa Yesu ali ndi zaka 12 m'Nyumba ya Mulungu kukafika ku Getsemani, ntchito yake yonse yolalika osaikhudza. Achikulire amene sanailoweze muwalembere papepala ndi mavesi ake: ubatizo mu Yordani, Mateyo 3:13-17, ukwati wa ku Kana, Yohane 2:1-11, kulalika Ufumu wa Mulungu, Marko 1:14-15, kusandulika maonekedwe paphiri, Luka 9:28-36, kukhazikitsa Ukaristiya, Luka 22:14-20. Mukafuna kuti khutu lizolowere, Radio Maria tili nayo konkuno ku Mangochi ndipo kolona amamveka tsiku ndi tsiku.

Za nthawi: zigawo zisanu zopanda kuwerenga Baibulo zimatenga mphindi 15 mpaka 20. Mukamawerenga vesi pa misteri iliyonse n'kukhala chete pang'ono, werengerani mphindi 30 kapena kupitirira. Kolona wa gulu akatha m'mphindi khumi ndiye kuti oyankha akumalowa wotsogolera asanamalize, ndipo mawu amene amamezedwa pamenepo ndi dzina la Yesu, loti ndiye mtima wa pempherolo.

Mlegio, mbali ya ku Namwera

Amayi, ndiyankhe za a Legio popeza apa m'pamene anthu amakokanakokana. N'zoona kuti pa msonkhano wa Legio ya Maria pemphero la ku Fatima silinenedwa. Chifukwa chake si kulikana ayi. Malamulo a Legio, imene inayamba ku Dublin mu 1921, amati mapemphero a pa tesera, kapepala ka mapemphero a Legio, asasinthidwe, osawonjezera kapena kuchotsa, kuti mlegio wa kuno ndi wa dziko lina azinena zofanana. Pamsonkhanopo timayamba ndi pemphero la kwa Mzimu Woyera n'kulowa m'zigawo zisanu. Chigawo choyamba, chachitatu ndi chachisanu amayambitsa wotsogolera, chachiwiri ndi chachinayi amayambitsa mamembala iye n'kumayankha. Koma lamulo limenelo limathera pakhomo pa msonkhano wa Legio. Kumphakati, kubanja, kumaliro, mlegio anene pemphero la ku Fatima limodzi ndi anzake, ndipo wouza mphakati kuti n'loletsedwa walitambasula lamulolo kufika pamene silifika.

Pempheroli linachokera pa kuoneka kwa Amayi Maria kwa ana atatu ku Fatima, ku Portugal, pa 13 Julayi 1917. Malo ake ndi pambuyo pa Ulemu kwa Atate, musanatchule misteri yotsatira. Limapempha Yesu kuti atikhululukire, atipulumutse ku moto wa gehena, ndi kutengera kumwamba mizimu yonse, makamaka yosowa kwambiri chifundo chake. Vuto lake m'Chichewa ndi loti lamasuliridwa mosiyanasiyana, ndiye anthu khumi amalinena m'njira zitatu nthawi imodzi. Sankhani buku limodzi, mulembe mawuwo papepala lalikulu lomwe liziyenda limodzi ndi chifanizo cha Amayi Maria nyumba ndi nyumba. Pakatha sabata amakhala aliloweza onse.

Chimene ndingachenjeze ndi kuunjika. Wina awonjezera la ku Fatima, wina la kupempherera miito, wina la Mtima Woyera, wina ndime ziwiri za nyimbo, ndiye zapakati zimatalika kuposa chigawo chenichenicho ndipo misteri imaiwalika. Chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira. Pamaliro pokha ndi pamene Mpumulo wosatha uyenera kulowa pa chigawo chilichonse.

Bambo wa m'gulu la kolona, Balaka

Pali njira ina imene sinatchulidwe, ndipo m'dayosizi ya Mangochi ikanayenera kudziwika kwambiri poti Amontfort akhala m'dziko muno kuyambira 1901 pamene anafika ku Nzama. Louis de Montfort Woyera, amene anayambitsa chipani chawo, ankaphunzitsa kuwonjezera mawu ochepa pambuyo pa dzina la Yesu mu Tikuoneni Maria aliyense, okumbutsa misteri yomwe tilimo. Mwambowu ndi wakale kuposa iye, ukadalipo m'mayiko olankhula Chijeremani, ndipo Papa Paulo Wachisanu ndi Chimodzi mu 1974 komanso Yohane Paulo Wachiwiri mu 2002 anauyamikira. Zimamveka chonchi: "...ndipo ngodala Mwana wanu Yesu, amene anabatizidwa mu Yordani." Kapena "Yesu, amene anasenza mtanda chifukwa cha ife." Mawuwo amabwerezedwa kakhumi, ndiye maganizo akafuna kuthawira ku msika amakokedwa kubwerera pa misteri. Kwa anthu osatha kuwerenga ine ndimaiona kuti ndi njira yabwino kuposa zonse, chifukwa Uthenga Wabwino umalowa kudzera m'khutu.

Pagulu imavuta pamalo amodzi. Anthu anazolowera kuti akangomva "Yesu" ayambe "Maria Woyera", ndiye amagundana ndi wotsogolera. Muwauze musanayambe, ndipo wotsogolera asatsitse mawu pa dzina la Yesu, awatsitse kumapeto kwa mawu owonjezerawo. Mawuwo akhale aafupi, osapitirira mpweya umodzi.

A Katekisiti anatchula zofuna za Papa, ndiwonjezere chifukwa chake. Mpingo umapereka induljensi yathunthu, kutanthauza kuchotseredwa chilango chonse cha machimo okhululukidwa kale, kwa opemphera kolona m'tchalitchi, m'banja kapena pagulu la akhristu ngati lanulo. Zigawo zisanu zinenedwe motsatizana osadukiza, misteri itchulidwe mokweza ndi kusinkhasinkhidwa, ndipo munthu alape, alandire Ukaristiya, apempherere zofuna za Papa, mtima wake usakakamire tchimo lililonse. Pa zonsezi palibe pamene akutchula Ndikhulupirira kapena pemphero la ku Fatima. Chimene Paulo Wachisanu ndi Chimodzi anachitcha cholakwika poyera ndi kunena kolona Misa ili mkati. Nenani isanayambe, ndipo mumalize ansembe asanalowe.

Mayi wa mphakati, Mangochi boma

Zikomo kwambiri nonse, tazilemba. Funso lomaliza: mayi wina ali ndi kolona wa mikanda isanu ndi iwiri pa chigawo, wina ali ndi wa mitundu isanu. Angagwiritse ntchito limodzi nafe?

Katekisiti wopuma

Wa mitundu isanuyo inde amayi. Ndi kolona wamba wa mikanda 59, wotchedwa wa mishoni, amene anayambitsa Episkopi Fulton Sheen wa ku America mu 1951. Chigawo chobiriwira timapempherera Afrika, cha buluu zilumba za ku Pacific, choyera Ulaya, chofiira America, chachikasu Asia. Mapemphero ndi misteri sizisintha.

Winayo ayi, asokonezeka naye. Ameneyo ndi kolona wa zisoni zisanu ndi ziwiri za Amayi Maria: zigawo 7 za Tikuoneni Maria 7, kuphatikizapo zitatu zolemekeza misozi yawo, ndipo zosinkhasinkha zake n'zina, kuyambira pa ulosi wa Simeoni mpaka kuikidwa m'manda kwa Yesu. Anafala kwambiri kuno ku Afrika chifukwa cha kuoneka kwa Amayi Maria ku Kibeho, ku Rwanda. Palinso wa Afransisko wa zigawo 7 za mikanda khumikhumi. Ameneyo akhoza kutsata nanu, angosiya zigawo ziwiri. Kolona wa Chifundo cha Mulungu, uja ambiri amanena 3 koloko masana, amagwiritsa mikanda yomweyi 59 koma mapemphero ake ndi ena.

Mayi wa kolona wa zisoniyo mumupangire wina, n'zosavuta. Twaini wa ukonde amapezeka paliponse kuno. Mangani mfundo khumi zoyandikana, siyani mpata wa chala chimodzi, mangani mfundo yaikulu yokulunga kawiri, siyaninso mpata, kenako khumi zina. Mpatawo ndi wofunika chifukwa madzulo kapena pa mchezo wa maliro chala ndicho chimawerenga, osati diso. Ansembe akamudalitse. Ndipo tsiku loyamba aliyense amene azitsogolera awerenge zigawo zonse zisanu za kolona wake pamaso pa anzake. Kolona wa tcheni akaduka n'kulumikizidwanso kawirikawiri amataya mkanda umodzi, mwini wake osadziwa, ndiye amanena Ulemu kwa Atate anzake akadali pa Tikuoneni Maria wachikhumi. Woduka kotheratu musamutaye kudzala, mumukwirire pamalo abwino kapena mumutenthe, popeza ndi wodalitsidwa.